Ndodo ya Bambo Itadulidwa Patatu

Tsabola sanabadwe ndi dzina limeneli ayi. Analipata ndi pakamwa pake. Anali mkazi wa mtima wapachala, woti ukamuponda chala uyambe wapepesa usanachotse phazi.

Shedi imene anawasiyira malemu bambo awo anaigawana awiri, iye ndi mchimwene wake. Mbali ya kuzenera inali ya Tsabola, amene anatenga makina ozungulitsa mtengo, aja bambo ankasemera miyendo ya matebulo ndi zolembera. Mbali ya kukhomo inali ya mchimwene wake, wowotcherera zitsulo, munthu woti chida chilichonse akachipeza chili phee amati chasowa mwini.

M'mawa wina amayi awo anatulukira pashedipo, bondo lili chitupire, akutsamira ndodo ya malemu. Anakhala pabenchi, n'kuigoneka ndodoyo pamiyendo.

"Iwe Tsabola, ndodoyi uidule," anatero. "Usemepo zolembera zitatu. Chako, cha achimwene akowa, ndi cha mng'ono wako ali kusukulu uja. Aliyense aziyenda ndi kanthu ka bambo ake m'thumba."

"Nanga inu muziyendera chiyani, amayi?"

"Miyendo ndili nayo. Iwe chita zimene ndanenazi."

Unali mtengo wakuda, wolimba, wosalala ndi dzanja la bambo. Koma kumunsi kunali kofumbwa, kumtunda kokhota, moti pabwino panangotuluka zidutswa zitatu, popanda chapadera. Kulakwitsa kunalibe malo.

Cholembera chamtengo chimaoneka ngati masewera kwa amene sanachisemepo. Umayamba waboola mtengo pakati penipeni, n'kumatamo kapaipi kamkuwa ndi guluu, kenako n'kusema kunja mpaka mtengowo upyapyale ngati chikhadabo. Bowo likakula pang'ono, kapaipi kamagwedera. Likachepa, mtengo umang'aluka. Tsabola ntchito imeneyi ankaidziwa ngati njira ya kwawo.

Anamanga chidutswa choyamba pamakina, n'kutenga chiboolero chake cha zolembera pamalo pake pa masiku onse. Anaboola. Ataponyamo kapaipi, kanangodutsa n'kukagwera pansi, ngwee! Anakatola n'kuyesanso. Kanali khwekhwerekhwe, ngati phazi la mwana mu nsapato ya akuluakulu.

Anayang'ana nsonga ya chiboolero chija pazenera. Mlomo umodzi unali wautali kuposa unzake, ndipo chitsulocho chinali chitasanduka chabuluu. Wina anali atachinola pa galayinda, ndipo pashedipo galayinda inali ya munthu mmodzi yekha.

"Achimwene! Chiboolero changa mwachitani?"

Mchimwene wake anakweza chigoba cha kumaso chija amawotcherera nacho. "Ndinangobwereka dzana, ndimaboolera mahinjesi a geti. Chinabuntha, ndiye ndakunolera. Mmalo mothokoza ukukalipanso?"

"Ndithokoze? Mwanola ngati mukunola khasu! Chikamazungulira chikupalasa mbali imodzi, bowo lakula. Mukudziwa mtengo wake ndi uti umenewu?"

"Aa, thiramo guluu wambiri basi. Ife mpata timangodzaza."

Apo ndiye anathira mafuta pamoto. Komabe Tsabola anayesa, poti kunalibe kuchitira mwina. Anadzaza guluu, anadikira kuti aume, n'kuyamba kusema mosamala ngati akumeta khanda. Mtengo utapyapyala, tchizulo inafika pomwe pansi pake panali mphako. Chibanthu chinathothoka n'kuulukira kukhoma, mkuwa n'kutsala pamtunda uli waliwali.

Anazimitsa makina. Ulemu wa "inu" unathera pomwepo.

"Iwe, tamvera. Chidutswa ichi chinali chako. Wadzionongera wekha. Woononga ndiye wosowa, wamva? Usadzabwere kuno kudzati cholembera changa chili kuti. Choipa chitsata mwini!"

Anamuponyera chidutswacho pachifuwa. Mchimwene wake anachitola, anachitembenuza kawiri, n'kuchiika m'thumba la ovolosi.

Tsabola anatuluka kukagula chiboolero chatsopano ku hadiweya, akulankhula yekha msewu wonse. Pobwera anali asanazizire. Anamanga chidutswa chachiwiri, kuyatsa makina, n'kuyamba kupotokola gudumu lokankhira chiboolero, uku pakamwa pakugwirabe ntchito yake.

"Kuyambira kale ndiwe wotero! Macheka a bambo unathyola ndiwe. Bambo akudwala, kuchipatala ndinkagona ndine, iwe uli ku mpira. Pamaliro unkalira mokweza kuposa tonse, anthu aziti mwana wachikondi ndi ameneyu!"

Tsono mtengo wolimba suboolekera kamodzi. Umalowetsa pang'ono, n'kubweza chiboolero kuti utuchi utuluke, chitsulo chipume. Bambo ankachita kuchikhudza ndi chala, chikatentha ankapita kukaima pakhomo n'kumapatsa moni odutsa. Tsabola ankazidziwa zonsezi. Koma maso ake anali pa msana wa mchimwene wake, dzanja likungopotokola. Utuchi unadzadza m'bowo. Mtengo unayamba kulira, tswii, ndipo fungo la chopserera linamveka shedi yonse.

"Chemwali, bweza!" anakuwa mchimwene wake.

"Usandiphunzitse ntchito iwe!"

Anapotokolanso. Phaa! Chidutswa chinang'aluka kuyambira kumapeto mpaka pakati, utsi uli tolotolo.

Makina anapitiriza kuzungulira okha kwa kanthawi, palibe wowazimitsa. Mchimwene wake ndiye anabwera n'kudina batani. Anayang'ana mng'aluwo, anayang'ana mlongo wake. Akanafuna kuseka, mpata unalipo waukulu.

"Ichi ndiye chinali cha ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

Tsabola anafuna kunena kuti cha mng'ono wawo. Mawuwo anafika pammero, koma lamulo anali atalikhazika yekha, mokuwa, mpaka wosoka nsapato wa tsidya la msewu anamva.

"Changa," anatero. Kenako mkwiyo unabweranso, poti unalibe kwina kopita. "Ndipo chokapo apa! Ukundiphimbira kuwala."

Sanachoke. Anakatenga kathabwa kachabe n'kumupatsa kuti ayambe wayeserapo chiboolero. Tsabola anakalanda mwamphamvu, koma anayesa. Kapaipi kanalowa mokwana bwino, kongofuna kukankha ndi chala chachikulu.

Chidutswa chomaliza anachiboola mano ali gwa. Ankalowetsa pang'ono n'kubweza, mchimwene wake n'kupemerera utuchi ndi kachikatoni. Chitsulo chikatentha, onse awiri ankaima manja lende, wina kuyang'ana kukhomo, wina kuzenera. Tsabola anamata kapaipi, anasalaza mapeto kuti akhale owongoka, anapala guluu wotsalira m'kati kuti pokanikiza nsonga mtengo usaphulike. Posema anagwira tchizulo mpaka zala zinachita dzanzi. Chinatuluka cholembera chokongola moti chinamukwiyitsanso, poti chinaonetsa mmene zinzake zikanakhalira.

Amayi anabwera mawa lake madzulo, dzuwa lisanalowe. Anachedwa panjira, ndipo atafika anayamba akhala pabenchi kuti mpweya ubwerere. Tsabola anawapatsa cholembera chija ndi manja awiri.

"Zinazo zili kuti?"

"Funsani achimwenewa, amene amanola zida za eni."

"Funsani chemwaliyu, amene amaboola ndi pakamwa."

Amayi anatambasula dzanja. Mchimwene anatulutsa chidutswa chake m'thumba, Tsabola anatenga chake chong'aluka pa shelefu. Amayi anaziyala pamiyendo pamodzi ndi cholemberacho, n'kuyesa kuzilumikiza monga zinalili pa ndodo. Sizinakwane ngakhale mkono umodzi.

"Ana opusa inu," anatero mwaukali. "Bambo anu ndodo iyi anagwa nayo, anadzuka nayo, osathyoka. Inu tsiku limodzi lokha. Mukuyesa ine sindinkaifuna? Usiku ndinkaiimika pafupi ndi bedi. Ndinati bola ana."

Madzi akatayika saoleka.

Amayi anakulunga zonse zitatu m'kampango, n'kudzuka movutika. Dzanja lawo lamanja linapapasa pambali pa benchi, kufuna chinthu chimene linazolowera, ndipo linagwira mphepo. Mchimwene anathamangira kudzanja limenelo, Tsabola kulinalo.

"Ndisiyeni!" anawakalipira amayi.

Anagwira tebulo, anagwira mphuthu ya chitseko, anatuluka akutsamira khoma. Tsabola anatsala ataima pakati pa shedi, tsache lili m'manja. Pansi ponse panali utuchi wakuda wa ndodo ya bambo, ndipo sanadziwe kuti ausesere kuti.