Jeke ya a Lemani

Jeke yodindira fodya ya a Lemani idathyoka chitsulo Lachitatu m'mawa, mabelo atangodinda awiri, pomwe lole ya ku okushoni inkabwera mawa lake. Wowotcherera zitsulo amene akadabwera msanga anali mmodzi: mpongozi wawo Fainess, mkazi wa mwana wawo Sankhani, yemwe anali ndi shedi yake pa Santhe.

Fainess adafika kwa a Lemani ku Lisasadzi chakumasana, makina ndi jenereta zili pa ngolo. Adapeza jekeyo ili m'kati mwa chigafa, pamwamba fodya wouma ali lendelende, pansi ziguduli ndi zinyenyeswa za masamba zili mbwee.

Adagwada. "Bambo, muno sindingayatsemo makina. Tiitulutse."

"Polowetsa tidaliko amuna asanu, mayi. Kachitsulo kamodzi komweka?"

"Mbaliwali za galayinda yopalira chitsulo zimauluka kutali, bambo. Imodzi yokha ikagwera m'fodyamu, ndowa sizithandiza."

Chikwatiwire pamudzipo, Fainess anali asadawakanirepo a Lemani kanthu. Koma sadadzuke, sadasinthenso mawu. Mapeto ake mkuluyo adatsonya, napita kukamanga ng'ombe pagoli.

Adaikokera jekeyo pabwalo lopanda udzu, ataikulunga chiguduli kuti tcheni asaipale. Fainess adachotsa chigudulicho n'kuchiponya patali, adasesa, nawaza madzi ponseponse. Mbali ya kuchigafa adaimikako malata awiri. Kenaka adapatsa apongozi ake aakazi, a Agnesi, ndowa ya mchenga.

"Amayi, ndikavala chigoba kumasoku sindiona za kumbuyo. Mukaona utsi mundigwire paphewa."

Ntchito yake sidatenge ola. A Lemani adagogoda powotchererapo ndi mwala, namwetulira, nayamba kutola chiguduli chija kuti akasokere belo.

"Chiyambe chakhala panja pomwe, bambo. Tidikire theka la ola, ine ndikuzungulira."

"Mwazimitsa kale makina, moto uchokeranso kuti?"

Komabe adachisiya. Adakhala pamthunzi n'kumatafuna nzimbe, Fainess akuyendayenda, maso pansi. Woyamba kununkhiza anali a Agnesi.

"Kukununkha nsalu!"

Fainess adafunyulula chigudulicho. M'kati munali chibowo chokula ngati chikhatho, m'mphepete mwake muli psuu, moto ukudya pang'onopang'ono wopanda lawi. A Lemani adatenga okha madzi nathirapo, kenaka adatembenuka kuyang'ana chigafa chawo nthawi yaitali, ndowa ili m'manja.

Pofika madzulo mabelo asanu ndi limodzi anali atadindidwa. Fainess akukweza makina pa ngolo, a Lemani adamuyandikira, chipewa atavula.

"Loweruka alimi a kalabu yathu tikukumana kusukulu. Theka la iwo amawotcherera ngolo pafupi ndi zigafa. Mungabwere mudzawauze zimenezi?"

"Akandimvera ine, bambo?"

"Ndiyamba ndine kuyankhula. Inu mudzabwere ndi galayinda, aone okha pomwe mbaliwali zimafika."