Liwu Limene a Kayira Anakana Kuswa

Ku Nsungwi konse, kuyambira pamsika mpaka pokwerera maminibasi, aliyense ankadziwa kuti ukakumana ndi a Flywell Kayira uli pachangu, changu chakocho chathera pomwepo. Anali mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, kwawo ku Rumphi, ndipo vuto lawo linali limodzi: kuswa mawu. Ankati mawu a kuchipatala ndi a m'mabuku a zinyama amaopsa chifukwa ali m'makoko ngati mtedza, koma ukawaswa umapezamo zinthu zodziwika kale. Ankaphimba theka la liwu ndi chala chachikulu, n'kukufunsa chimene chatsalacho, iwe tomato akukufotera m'jumbo.

Akazi awo, mayi Emmie, amene amuna awo ankawaitana kuti Nyakumwenda, anali atamva zimenezi zaka makumi atatu ndi zisanu, kwinaku akuchapa, kwinaku akusesa. Sukulu analekezera Sitandade 5, komabe ankadziwa kuti dzina limene azungu amatchulira mvuu limatanthauza hachi wa mumtsinje, ndipo la bilimankhwe ndi mkango wapansi. Ankadziwanso kuti malaria, malungo athu omwewa, ndi Chitaliyana chotanthauza mpweya woipa, poti akale ankayesa kuti matendawa amachokera m'fungo la madambo. Udzudzu wofalitsa malungowo, Anopheles, akuti dzina lake ndi "wopanda phindu" basi. Limenelo mayi Emmie analikonda moti analipatsa tambala wawo amene sankalira m'mawa. Nanga la mnofu wa pamkono? Akuti muscle likuchokera ku Chilatini chotanthauza kambewa, poti ukapinda mkono kamathamanga pansi pa khungu. A Kayira ankapinda malaya n'kuonetsa kambewa kawoko pamaso pa amayi ogulitsa masamba, mkulu wa mpingo wathunthu, manyazi ataiwala kunyumba.

Mayi Emmie ankawakonda amuna awo, zimenezo tisabise. Koma m'nyumba yodzaza mawu imeneyo munali dzina limodzi losatchulidwa, la mwana wawo mmodzi yekhayo, Keziah. Mu 1993 Keziah anakwatiwa ndi Idrissa, kalipentala wa ku Chinsapo, Msilamu wochokera ku Mangochi. A Kayira anaima pakhonde n'kunena kuti phazi la Keziah lisadzapondenso pabwalo pawo, ndipo kwa zaka zitatu silinapondedi. Mayi Emmie ankazemba n'kukamuona kamodzi pamwezi, atanama kuti akupita ku msonkhano wa amayi a Mvano, Mulungu awakhululukire. Ku Chinsapoko kunabadwa kamdzukulu kakakazi kamene agogo ake aamuna anali asanakaone. Chimene mayiwa ankapempha tsiku lililonse chinali chimodzi: kuti bambo ndi mwana adzakhale m'nyumba imodzi wina asanalowe m'bokosi.

M'nyengo yozizira ya 1996 a Kayira anayamba kukhosomola. Mapazi anatupa mpaka nsapato za kutchalitchi zinakana, ndipo kamtunda kochoka pamsika kankawathetsa mpweya. Atakakamizidwa anapita kuchipatala chachikulu cha m'tauni, kumene anawajambula m'chifuwa, akazi awo akudikira pabenchi panja. Anatuluka ndi mapilisi m'kathumba ndi pepala lopinda kanayi. Atafunsidwa anati ndi chifuwa chabe, ndipo m'minibasi monse anangoyang'ana pawindo.

Apa m'pamene mayi Emmie anachita mantha. Munthu ameneyu achoke kuchipatala ndi pepala lodzaza mawu ataliatali, osaswa ngakhale limodzi? Iyeyu amene ankatha kugwira namwino pakhomo theka la ola? Ayi, pamenepa panali kanthu. Anadikira masiku atatu, bambo ali duu. Tsiku lachinayi, pofuna kuchapa jekete, anapeza pepala lija m'thumba, ndipo sanadzinamize kuti alipeza mwangozi. Anakakhala nalo kuseri kwa nyumba pafupi ndi khola la nkhuku. Zambiri zinali zokhwatchakhwatcha za adokotala, koma liwu limodzi linalembedwa bwino n'kudulidwa mzere pansi: cardiomegaly.

Analiwerenga chilembo chimodzichimodzi, kenako anachita zimene anaona zaka zonsezi, anaphimba theka ndi chala. Chotsala chinali cardio. Chimenecho ankachidziwa, ndipo anachidziwira pa manyazi. Kale ali ku Mzimba amuna awo anawauza kuti kardia m'Chigiriki ndi mtima, iwo n'kufulumira kunena kuti ndiye chifukwa chake juzi yomanga mabatani ija amati kadigani, poti imafunditsa mtima. A Kayira anaseka mpaka kugwetsa tiyi, n'kuwauza kuti juziyo inangotengera dzina la mzungu wina. Anawaseka sabata yathunthu, choncho liwulo silinawachokenso m'mutu.

Anasuntha chala. Mega. Limeneli analimva nthawi ya riferendamu, magalimoto akuzungulira m'makwalala ndi zimkuzamawu, bambo akufotokozera aliyense wofuna ndi wosafuna kuti megaphone ndi mawu aakulu, mega ndiye kukula. Mayi Emmie analumikiza zidutswa ziwirizo. Mtima. Kukula. Kukula mtima!

Anaseka, abale, anaseka mpaka nkhuku zinabalalika. Zoona achipatala, ndi makina awo onse, apeza kuti a Kayira ndi okula mtima? Nanga ndani ku Nsungwi kuno sankadziwa zimenezo? Koma kusekako kunangoduka pakati. Adokotala sadula mzere pansi pa nthabwala. Anakumbukira mapazi otupa aja, ndi mmene bambo ankagonera atatsamira mapilo atatu.

Masana anawapeza pakhonde akuwothera dzuwa, bulangeti lili m'miyendo. Anakhala pansi pafupi ndi mpando wawo n'kuika pepalalo pabondo pawo.

"Bambo a Keziah, liwu lanu lija ndaswa ndekha."

Dzina limenelo linali lisanamveke pakhomopo zaka zitatu, ndipo a Kayira analimva bwinobwino, koma analidumpha. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako uphunzitsi unawaposa mphamvu, n'kufunsa kuti analiswa bwanji. Mayi Emmie anafotokoza za juzi ndi za zimkuzamawu.

"Mwakhoza, Nyakumwenda," anatero bambowo. "Ana anga a Fomu 4 theka akanalephera."

Kenako ananena zoona. Anati mtima nawonso ndi mnofu, ndipo ukatopa umafutukuka ngati lasitiki wa kabudula wakale, kukula koma mphamvu palibe. Adokotala anawauza kuti mapilisi awathandiza kuyenda nawo, koma kubwerera mwakale ayi, ndipo za masiku palibe anganene. Atangotero anathawira ku mawu ena. Anayamba kufotokoza kuti timapilisi ting'onoting'onoto timachokera ku duwa lotchedwa Digitalis, kuchokera ku digitus, chala, poti duwalo limalowa kuchala ngati kachitsulo kamene atelala amavala posoka. Akanapitiriza mpaka dzuwa kulowa, koma akazi awo anawadula.

"Matenda amenewa ine ndinawaona kale popanda makina. Mwakula mtima zaka zitatu, bambo."

A Kayira anakwiya. Anati kumeneko n'kusokoneza zinthu, Chigiriki chikunena za nyama ya m'chifuwa, Chichewa chikunena za khalidwe, ndipo munthu wophunzira sasakaniza ziwirizi. Mayi Emmie anayankha kuti iwo si ophunzira, Chigiriki sachidziwa, koma adokotala alemba kamodzi ndipo iwo awerenga kawiri.

"Mtima winawo akuti sungaphwe, ndamva, ndipo ndilira pandekha. Nanga winawu? Umenewunso mukufuna mupite nawo kumanda uli chotupire?"

Poti mlomo unali utatseguka, anakhuthula zonse. Anaulula kuti misonkhano ya Mvano ija inkachitikira ku Chinsapo, kuti Keziah amafunsa za bambo ake asanapereke n'komwe moni, ndiponso kuti kamwanako kali ndi makutu otambalala a kwa Kayira, osabisika. Bambowo ananyamuka pang'onopang'ono, bulangeti likukwekwereka, n'kulowa kuchipinda.

Masiku awiri anangolankhulana za madzi osamba ndi mapilisi. Mayi Emmie anadziimba mlandu koopsa. Munthu wodwala mtima amamulankhula choncho? Bambo akakhosomola kuchipinda iwo ankasiya chilichonse n'kumvetsera, akuganiza kuti awapha ndi pakamwa.

M'mawa wa tsiku lachitatu anawapeza patebulo, atatsegula chibuku chawo chachikulu chomasulira mawu, chothothoka chikuto, pambali pali botolo la mankhwala a chifuwa. Osadzutsa mutu, a Kayira anati akanika. Liwu lakuti syrup, manyuchi a mankhwala amenewa, bukuli likuti linachokera ku Chiarabu, ndiye alilemba m'zilembo zachiarabu zimene iwo satha kuwerenga. Anati si bwino mphunzitsi kufa atasiya liwu losawerenga m'buku lake lomwe. Kenako anafunsa, ngati akufunsa mtengo wa makala, ngati Nyakumwenda akudziwako munthu wowerenga zilembo zimenezi.

Mayi Emmie anasuzumira m'bukumo. Pafupi penipeni ndi zilembo zopindikazo tanthauzo lake linali litalembedwa m'Chingerezi choonekeratu, choti ngakhale iwo akanatha kuchiwerenga. Mbalame ya munthu! Anadziluma mlomo, n'kuyankha kuti akudziwako kalipentala wina.

"Kalipentala alibe vuto, bola aziwerenga," anatero a Kayira.

Mbale za m'mawa zinatsala zosatsuka. Mayiwa anakwera minibasi ya m'tauni, n'kusintha ya ku Likuni, atavala nsapato zosiyana mtundu, ndipo anazindikira zimenezo atafika kale ku Chinsapo.

Loweruka chakumasana Idrissa anafika atavala malaya osita ndi kofia yoyera, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira. Keziah anabwera naye, mwana ali kumsana, koma atafika pachipata cha mpanda anaima. Mayi ake anamukoka dzanja, anamunong'oneza, anamukalipira, koma iye anati amene aitanidwa ndi wowerenga Chiarabu, ndipo mawu amene bambo ake ananena pakhonde paja sanawabweze. Mwana wa a Kayira ameneyo, kufanana mpaka kuuma mutu.

M'nyumba Idrissa anapereka moni atagwada, n'kukhala kunsonga kwa mpando. A Kayira anamuonetsa liwulo. Idrissa anayendetsa chala chake chokhakhala kuchoka kumanja kupita kumanzere, n'kuwerenga kuti sharab, ndiye kuti chakumwa, ndipo anati analiphunzira ku madrasa ali mwana. A Kayira anamubwerezetsa katatu, iwonso akuyesera kutchula. Anafunsa chifukwa chake zilembozo zimayenda chobwerera. Anatsegula tsamba lina, la shuga, n'kumuuza kuti limenelinso linadzera kwa Aluya. Mayi Emmie ataima pakhomo magazi ankawira. Zoona bamboyu athera tsiku pa shuga, mwana ali padzuwa? Koma atayang'anitsitsa anaona kuti maso a amuna awo sanali m'buku. Anali pawindo, pamene pankaonekera duku la Keziah pamwamba pa mpanda.

Mapeto ake a Kayira anatseka buku n'kufunsa Idrissa chifukwa chake wasiya mkazi wake panja ngati wogulitsa makala. Idrissa anayankha mwaulemu, maso ali pansi, kuti Keziah akusunga mawu a bambo ake.

Bambowo sanatume munthu. Anagwira tebulo n'kudzuka, mapazi otupa ali m'patapata, n'kutuluka. Kuchoka pakhonde kufika pachipata ndi pafupi, koma anaima kawiri kuti apeze mpweya. Mayi Emmie miyendo inkawayabwa kuti akawagwirize, koma anadzigwira pachitseko, poti ulendo umenewu unali wa eni ake.

Keziah atawaona pafupi, mmene anaondera kumaso ndi mmene ankapumira, anagwada pafumbi pomwepo, mwana ali kumsana.

"Adada," anatero.

A Kayira analankhula m'Chitumbuka, chinenero chimene ankamulankhulira ali wakhanda.

"Ndinalakwa ndine, mwana wanga. Dzuka wekha, ine sindingathenso kuwerama kuti ndikudzutse."

Keziah anadzuka akulira, n'kulowetsa phewa lake pansi pa mkono wa bambo ake. Analowa pachipata onse awiri, pang'onopang'ono, kamwana kali kumsana kakukoka kolala ya agogo ake.