Mlandu wa Nagama ndi Bambo Sekanawo

1.

Bwerani mawa.

Kalaliki wa pakhoti ananena osadzutsa mutu, chala chili pa foni, kukamwa kukutafuna chinangwa chowotcha. Sekanawo anagwira mawaya a pawindo.

Pepani bwana, ndikufuna chigamulo cha mlandu wa amayi anga. Wothetsa banja.

Nambala ya mlandu?

Sindikuidziwa.

Chaka?

Ndinali ndisanayambe sukulu.

Ndiye mwabwera kuti ndikuombezereni ula? Kuno si kwa sing'anga, chemwali. Bwerani mawa.

2.

Bambo ake a Sekanawo, a Laisoni Kadzamira, wolemba zikwangwani wotchuka tauni yonse, anali atangoikidwa m'manda. Nkhata za pamanda zisanafote, mng'ono wawo a Dikisoni anatulukira kunyumba kwa a Nagama, amayi ake a Sekanawo, mkazi amene malemuwo anamusiya kalekale, nayamba kuyeza khoma ndi chingwe. Odi sanamudziwe.

Alamu, mapepala a poloti ino ali m'dzina la achimwene. Mwezi ukatha tidzapeze mwasesa.

A Nagama anagwada, miyendo yawo yotupa ikukana. Alamu, nyumba ino khoti linapatsa ine.

Khoti lili ndi pakamwa, libwere lidzandiuze? Tioneni pepala.

Pepala. A Nagama lawo linanyowa chaka cha madzi osefukira, linasanduka phala m'sutikesi.

3.

Anthu anene zonena zawo, mwanawe, ankatero a Nagama, ine ndinalipo. Kumowa bambo ako ankati mwana uyu si wanga, kwa ankhoswe ankati si wanga, ngakhale kutchalitchi. Koma tsiku la mlandu, khoti litadzaza tho, mesenjala atafuula kuti bambo a Sekanawo, iwo sanacheuke kuti akuitana ndani. Anaimirira. Pamaso pa woweruza, pamaso pa anthu onse. Bambo ako anakuvomera, mwanawe. Anaimirira.

4.

Nkhani imeneyi Sekanawo anakula nayo ngati mwana wosauka asungira diresi limodzi la Lamulungu. Anzake akamunena kuti mwana wam'tchire, ankaivala.

Tsiku lina, ali sitandade 3, anapita nalo kope lake kumene bambo ake ankapenta chikwangwani cha butchala. Anali atakhoza zonse. A Laisoni sanaone zochongazo. Anaona pachikuto, pamene mwanayo analemba Kadzmira.

Dzina lobwereka, n'kulephera kulilembanso?

Anam'potokola khutu ndi zala za penti mpaka linatuluka magazi. Iwe, chilembo chimodzi chimagwetsa munthu m'dzenje. Ine chiyambire ntchito ino sindinaphonyepo chilembo.

Ndipo zinali zoona, mfiti ija sinkaphonya.

Anabwerera akulira, khutu lofiira kawiri, ndi magazi ndi penti. Komabe anaimirira, anadziuza m'njira. Anaimirira.

5.

Zimene anamva pawindo la khoti mwezi umenewo:

wosunga makiyi wapita kumaliro
wosunga makiyi wabwera koma makiyi atsala kumaliro
magetsi azima
za kale choncho zinapita kulikulu
kulikulu akuti zili konkuno
lero ndi tsiku la milandu ya mbuzi
Kadzamira palibe
mwayang'ana bwino, bwana?
mukufuna kundiphunzitsa ntchito?
Kadzamira palibe

Bwerani mawa.

6.

A Dikisoni sanadikire kuti mwezi uthe. Anabwera ndi sikuludiraiva, nazula chitseko cha kumaso, nachisenza.

Mphepo ikuthandizeni kuganiza, alamu.

A Nagama anapachika chitenje pakhomo. Agalu a anthu anayamba kulowa mpaka kukhitchini. Ndipo onani mtima wa mayi ameneyu, tsiku limene chitseko chinkapita anathamangitsa Sekanawo kuti akawapatse alamu awo madzi akumwa, poti dzuwa linali loswa mtengo.

Sekanawo anawapatsa. Anadana nawo a Dikisoni, anadana ndi kapu, anadananso pang'ono ndi amayi ake.

7.

Mwanditopetsa, anatero kalaliki, naponya kiyi pansi kuti Sekanawo awerame. Kuseriko. Kafufuzeni nokha maukwati a eni.

Chipinda chopanda windo, fungo la mikodzo ya makoswe, mitolo ya mafailo yomangidwa ndi luzi kuyambira pansi mpaka kudenga, ina chiswe chitaidya pakati n'kusiya zikuto zokha, ndipo iye anagwada nayamba ndi K, Kachale, Kachiwanda, Kadango, Kadewere, anthu omenyana, anthu olandana mbale ndi ana, mkazi wina akuti anandiwotcha ndi simbi, mwamuna wina akuti anandidyetsa konda ine, Kadzakumanja, Kafere, wadumpha, wabwerera, Kadzakumanja, Kafere, pakati pawo palibe kanthu, fumbi lili m'mphuno, mawondo achita dzanzi, wayamba kungogwetsa mitolo mwaukali, L, M, P, osawerenganso, misozi ikudontha pa maukwati a eni, mpaka mtolo wa S unamasuka wokha luzi litaduka, mafailo n'kumwazika pansi, ndipo pakati pawo, m'zilembo za buluu zofufuma, dzina lake lomwe likumuyang'ana

8.

Nagama ndi Bambo Sekanawo.

Anatsegula failoyo. Ukwati watha. Mwana akhale ndi mayi ake. Nyumba imene Bambo Sekanawo anamanga ikhale ya mkazi.

Ya mkazi!

Anakhala pansi m'fumbimo naseka yekha ngati wamisala. Kalaliki anajambula pepalalo, nalimenya chidindo, phaa, nam'patsa ndi zala ziwiri.

Mwezi wonse kundivutitsa ndi Kadzamira, chonsecho bambo anu ndi ena.

Sekanawo sanamve. Anali kale pamsewu, pepala lili m'bulauzi.

9.

Bwererani m'mbuyo, pawindo lomwelo, mawaya asanachite dzimbiri. Mayi wachitsikana, diso lotupa, mwana kumsana. Kalaliki wina, wa nthawi imeneyo, cholembera m'manja, njala ya masana itam'gwira.

Dzina la amuna anu?

Nagama anayang'ana pansi. Mkazi wolangidwa bwino kuchinamwali atchule dzina la mwamuna wake, pagulu, ngati akuitana mwana? Ngakhale mwamunayo akhale amene watupitsa disolo? Lilime linakana.

Ndi bambo a Sekanawo.

Kalaliki analemba zimene anamva, kapena zimene njala inamulola kumva. Bambo Sekanawo. Ka a kaja, kachilembo kamodzi kamene kamasandutsa mwamuna kukhala bambo wa mwana, kanagwa pansi pa tebulo. Nagama sukulu sanapite. Anadinda chala, nathokoza.

10.

A Dikisoni anaitana abale awo onse kuti adzamve pepala la alamu. Analiwerenga mokweza, ataima pakhomo lopanda chitseko. Atafika pa dzina anaima. Anabwereza. Kenako kuseka kunawagwira mpaka anatsamira khoma.

Bambo Sekanawo! Abale anga, alipo akum'dziwa mkulu ameneyu? Achimwene anga anali a Kadzamira, ndipo poloti ino ndi ya Kadzamira. Kam'funeni Bambo Sekanawo wanuyo akupatseni nyumba imene anamanga.

Mlongo wawo wa malemu anaomba m'manja. Ndiye kuti mwamuna wina analipodi! Achimwene ankanena, ife tinkati ndi mowa.

Anaseka amuna, anaseka akazi, anaseka ndi ana osadziwa chimene akuseka. Sekanawo. Dzina lakelo linkamulamula kuti aseke nawo.

Mawa lake anali pawindo. Bwana, dzinali linalakwika, tingalikonze bwanji?

Abwere mwiniwake adzalumbire kuti ndi iyeyo.

Anamwalira.

Ndiye mukuti ndikafukule ndine? Bwerani mawa.

11.

Katundu ali panja: matiresi, mbaula, sutikesi ija, chitenje cha pakhomo. A Nagama akhala pa mtondo wogwadiritsa, akusisita miyendo. M'nyumba a Dikisoni akubwezeretsa chitseko, akuimba mluzu.

Amayi, samani ya mlandu uja inawapeza bambo?

Ndinakawapatsa ndekha, pamanja.

Anaiwerenga?

Iii, bambo ako ndi zolemba! Anaiwerenga kawiri, chala chikuyenda pansi pa zilembo, monga ankachitira akamaliza chikwangwani. Pamwamba penipeni chala chinaima. Anandiyang'ana, anayang'ana iwe kumsana, kenako anamwetulira. Anati usadandaule, Nagama, kukhotiko ndibwera, ndipo nyumbayo sindilimbana nawe.

Sekanawo anamva khutu lija likuyaka. Munthu amene sanaphonyepo chilembo. Anaona dzenje, anaona amene adzagweremo, nalivundikira bwinobwino ndi dzina la mwana. Kamodzi kokha pa moyo wake wonse anavomera kuitanidwa ndi dzina limenelo, ndipo kanali ka kuba.

A Nagama nkhope inali itawala, ngati kale, ngati nthawi zonse akafika pamenepa.

Nyumba atenge, mwanawe. Koma chija sangatilande. Khoti litadzaza tho, mesenjala atangofuula, bambo ako sanachedwe n'komwe.

Sekanawo anawerama, nakweza matiresi pamutu kuti amayi ake asaone nkhope yake.

Eya, amayi. Anaimirira.