Chithunzi cha Fumbi ku Ulongwe

Chaka chimene mbendera ya Apwitikizi inatsika, mwezi wozizira wa Juni uja, anthu a ku Lifidzi anaitanidwa ku Ulongwe, likulu la boma la Angonia, kukavina pa chikondwerero cha ufulu. Ati magule onse abwere, ngakhale Gule wamkulu amene apadiri ankaletsa.

Rufina anali m'gulu la amayi oyimba, akuwomba m'manja. Chilombo chachitatu chitalowa m'bwalo, cha nkhope yofiira ndi nthenga za nkhanga, mtima wake unangoti phwii. Chala chachikulu cha phazi lamanzere chinali chopindika, chija chinapondedwa ndi ng'ombe ya pangolo. Anali aCelestino, amuna ake, apurufesoro ophunzitsa ana pa sukulu ya apadiri ku misau, amene m'mawa anatsanzika kuti akupita ku Domwe. Mkazi sanena zimenezi. Chilombo chimachokera kumanda, basi. Koma apadiri akaona nkhope ya aCelestino, ntchito yathera pomwepo, ndipo akuluakulu a kudambwe sakhululukira munthu wovula pamaso pa akazi ndi ana.

Panali mlendo wolemba nkhani mu jornale, nyuzipepala ya Chipwitikizi, Kamarada Leonardo, makina ojambulira ali lende pakhosi. Anakweza dzanja, ng'oma n'kuleka.

"Makamarada, mdima watha lero! Uyu avule chigobacho, achikweze m'mwamba, amwetulire. Dziko lonse liwerenge kuti anthu a kuno ataya za mizimu."

Mkulu woyimba ng'oma anakanda m'mutu.

"Akamarada, chimenecho si munthu. Chivula chiyani?"

"Si munthu? Nanga thukutalo n'la ndani?"

Asilikali awiri anaseka, n'kusendera pafupi, mfuti zili paphewa. Chilombo chinangoima, chifuwa chikukwera n'kutsika. Kumbuyo kwake kunali khamu, kutsogolo asilikali.

Olinda, mlongo wa aCelestino, anamutsina Rufina m'nthiti. "Mulamu, mwatuwa bwanji?"

"Chisanu."

"Chisanu dzuwa lili paliwombo? Yang'anani pansi, anthu angakuoneni."

Leonardo anali atatambasula kale dzanja kuti agwire nthenga zija. Rufina anakumbuka zimene mwana aliyense wa kumudzi amadziwa: chilombo ukachinyoza chimakuthamangitsa, ndipo chikapsa mtima palibe amachiima kutsogolo. Anamanga chitenje chake n'kulowa m'bwalo.

"Iwe chinyama chaulesi! Miyendo ngati mapesi! Kumanda anakupirikitsa chifukwa cha fungo eti?"

Amayi anagwira pakamwa. Olinda ndiye anayamba kuzindikira, nayenso n'kufuula.

"Chione mimba! Chadya nyemba za eni!"

Mkulu uja anamenya ng'oma ngati akuibwezera. Chilombo chinatembenuka, chinakuwa ndi mawu aja osakhala a munthu, n'kukweza ndodo. Inatera paphewa pa Rufina, phwa! Yeniyeni, yosanyengerera. Iye analira n'kuliyatsa liwiro kulowera ku munda wa mapesi kuseri kwa msika, chilombo chili pambuyo. Amayi onse anabalalika akukuwa, ena dala kugwera pa asilikali, fumbi lili kobo.

"Imani! Imani!" Leonardo ankafuula, chala chikudinabe makina.

M'mapesimo chilombo chinamupitirira Rufina osacheuka, chinatsikira kukhwawa, osaonekanso.

Patatha sabata, aCelestino anabwera ndi jornale kuchokera ku misau, n'kukhala pakhonde pomwe Rufina ankasankha nyemba. Pa chithunzi panali fumbi, miyendo ya amayi ndi nthenga zochepa. Anamumasulira mawu a Chipwitikizi a pansi pake pang'onopang'ono: "Amayi a ku Angonia apirikitsa mizimu yakale pa tsiku la ufulu."

"Ndife tinapirikitsa?" anatero Rufina.

"Alemba choncho." Maso awo anali pa chotupa cha paphewa. "Nanga apo mwatani?"

"Chilombo."

"N'zaukali zimenezo. Muzizitalikira."

"Ndamva, bambo."

Anapinda jornale ija, anaipana m'khwapa, n'kunyamuka kukaimba belu la ana.