Anapiye a Malemu Bambo

Jaji ananyamula chisanzacho ndi zala ziwiri, nkhope atakwinya ngati wanunkhiza dzira lovunda. Linali thaulo lakale, lokhakhala, lodzaza zitosi zouma. Pansi pake panali lina, ndi linanso.

"Munthu kupuma pantchito bwinobwino, n'kumagona ndi nkhuku m'nyumba," anatero. "Tenga izi ukaotche."

Mlongo wake wamng'ono, amene aliyense ankamutchula kuti Injiniya, anaima pakhomo manja ali m'thumba. Dzinali analipeza atathawa maphunziro a zomangamanga chaka choyamba, ndipo kuyambira apo chimene anamanga ndi chibale ndi ogulitsa mowa basi. Naye Jaji dzina anamupatsa ndi bambo awo, poti ankagamula mlandu munthu asanamalize kupereka moni.

"Bambo sankataya zimenezo, achemwali."

"Chifukwa?"

"Kaya. Koma sankataya."

"Kaya. Zaka zonsezi ukudya zaulele m'nyumba muno, chimene waphunzira ndi kaya."

Bambo awo anali ataikidwa m'manda sabata yomweyo. Mipando yobwereka inali itabwezedwa, achibale atabalalika, koma furiji yakale imene malemuwo anaisandutsa choswetsera mazira inali ikadali pakona, mababu awiri akuyaka m'kati. Mazirawo anaikamo okha asanapite kuchipatala. Mazira sadziwa maliro. Tsiku limenelo anali atayamba kung'aluka, timilomo tikugogoda zigoba.

Jaji anakwecha bokosi limene anapiye ankafundiramo mpaka thabwa linayera. Kenako anatsitsa kalendala yakale pakhoma, ya mapepala osalala, onyezimira, n'kuyala m'bokosimo mwaluso.

"Apa ndiye pakuoneka kuti m'nyumba muno mumakhala anthu," anatero.

Mwamuna wake analowa ndi tepi yoyezera. Anali mwini galaja, munthu amene ngakhale pamaliro pomwe maso ake ankayeza mpanda. Anakoka tepi kuchokera pazenera mpaka pachitseko, akulambalala Injiniya ngati mpando woiwalika.

"Muno mukangopakidwa penti, fungo litha," anatero. "Anthu ofuna nyumba aja akubwera mawa masana. Inu alamu, kachipinda ka mlonda kugalaja kuja ndakusesetsani. Muli bedi, muli loko. Musowanso chiyani?"

Injiniya anayang'ana furiji. "Nanga awa?"

"Akaswa tipatsa aneba," anatero Jaji. "Iwe ungalere chiyani? Longedza."

Injiniya anawerama pa mulu wa zisanza zija. M'nyumba imeneyi ndi momwe anabwerera ntchito itamuthera, mkazi atamuthawa, ndipo ndi pokhapo padziko pamene sankamufunsa kuti achoka liti. Anatola mathaulo aja n'kutuluka. Posakhalitsa utsi unayamba kulowa pazenera.

Kutacha m'nyumba monse munali piye piye. Anapiye anali atauma bwino, Jaji atawasamutsira m'bokosi dzulo lake madzulo. Koma atasuzumira anapeza anayi ali chafufumimba, miyendo itatang'adza uku ndi uku ngati achule. Ankapalasa, kupalasa, osadzuka. Anzawo ankawaponda pamutu popita kumadzi.

"Olumala awo," anatero mwamuna wake, akupukuta pakamwa. "Potokolani makosi, mupatse galu. Asatichititse manyazi alendo akabwera."

"Chitani inuyo," anatero Jaji.

"Ine ndavala malaya oyera."

Anatuluka kukaimba foni. Injiniya, amene chikwama chake chinali kale pakhomo, anagwada n'kunyamula kamodzi.

"Bambo ankawamanga," anatero. "Ankatenga pulasitala wa pabala, n'kumata mwendo uwu ndi uwu, pakati n'kusiya kampata kochepa kuti kaziyenda. Akatero ankakaimika m'kapu kuti kazolowere. Pakapita masiku angapo ankamasula, kamwanapiye n'kumathamanga. Koma amafunika lero lomwe, mafupa akadali anthete."

Jaji anaseka kuseka kouma. "Ndikuwadziwa. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kugwadira kanthu kosakwana m'dzanja. Moyo wawo wonse anauthera pa zinthu zosatha kuima pazokha." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kuyambira iweyo."

Mawuwo anatuluka ndi mkwiyo wa zaka zambiri. Tsiku limene Jaji anatsegula sitolo yake ya nsalu, ataitana anthu, atawasungira bambo ake mpando wa kutsogolo, iwo anafika mwambo utatha, jekete lili ndi nthenga, ati anapiye amaswa. Tsiku limene Injiniya anagona m'ngalande, bambo omwewo anathamanga osavala nsapato. Jaji anali ataphunzira msanga kuti m'nyumba imeneyi wochita bwino saoneka. Ankawakonda bambo ake, ndipo ankawanyoza chifukwa cha kufewa kwawo, ndipo zinkamuwawa kuti afa iye asanasankhe chimodzi.

Injiniya anatulutsa pulasitala m'thumba, n'kutenga sizasi patebulo. Manja ake anali akunjenjemera monga ankachitira m'mawa uliwonse. Sizasi inaluma mpweya kawiri, kachitatu inadula chigamba chachikulu chopotoka, chokwana kumanga bondo la munthu. Anayesanso. Sizasi inagwa pansi.

"Injiniya," anatero Jaji. "Amene amati adzamanga milatho."

Kamwanapiye kena, kabwinobwino, kanathamangira madzi. Kanaponda pa kalendala paja, mwendo unatsetsereka, kanagwa, kanadzuka movutikira, kanatsetserekanso. Jaji anakayang'ana. Anagwada, n'kupititsa chala papepalalo. Panali poterera ngati sopo. Anakumbukira mathaulo okhakhala aja, amene tsopano anali phulusa kuseri kwa nyumba. Galu wamkota sakandira pachabe.

Anadikira kuti mlongo wake anene kuti kalendala yake ija ndi imene yalumalitsa anapiyewo. Akanakhala iye akananena, mwinanso kawiri. Koma Injiniya anali akufufuza sizasi pansi pa tebulo, ndipo kukhala chete kwakeko kunamupsetsa mtima Jaji kuposa mwano.

"Siya zimenezo, udzidula," anatero mwaukali. "Pulasitala wina ali kuti? Uyu wamuononga."

"Mwina m'kabati umo."

Jaji anatsegula kabati ya bambo ake mwamphamvu. Munali mabotolo a mankhwala a nkhuku, mababu akupsa amene sankataya, ndi makapu ang'onoang'ono othyoka zogwirira. Koma maso ake anaima kuseri kwa chitseko. Pamenepo panali mzere wa tizidutswa ta pulasitala, todula kale, topyapyala ngati udzu, tomatidwa nsonga imodzi kuti tisavute kumatula. Toyambirira tinali towongoka, tofanana. Takumapeto tinali topotoka, tina tatitali tina tatifupi.

"Izi anadula liti?"

Injiniya anadzuka n'kuyang'ana. Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"M'mawa wa tsiku lopita kuchipatala. Galimoto ikudikira panja, iwo ali pa mpando apo, akupuma movutika. Ndinawauza kuti tichedwa. Anati pa mazira onsewa sipalephera kutuluka wina wovutika miyendo, ndipo ine sindingathe kudula."

"Pamenepo ananena zoona."

"Ndinati nanga kumatako ndidzatha bwanji. Anati iwe udzangogwira kamwanapiye, adzamata ndi Jaji."

"Ine?"

"Anati Jaji pakamwa pake m'pamoto, koma dzanja lake silinjenjemera. Anati chibadwire sanakugwirenipo dzanja, munangodzuka nokha n'kumapita."

Jaji anakhala ataima, chitseko cha kabati chili m'manja. Panja panalira hutala ya galimoto.

Mwamuna wake anasuzumira. "Afulumira anthu aja, afika. Bisani bokosilo. Alamu, chikwama chanu ndachiika pakhonde."

Jaji anang'amba mapepala a kalendala m'bokosimo n'kuwaponya pansi. Anayang'ana uku ndi uku kufuna choyala, koma zisanza zonse anali ataotchetsa yekha. Anavula juzi yake yaubweya, imene anagulira malirowo, n'kuiyala m'bokosi. Anapiye anakwerapo, tizikhadabo tikugwira ulusi.

"Kodi mwatani inu? Juzi yatsopano?"

"Kawauzeni kuti m'nyumba muno muli anthu kale."

"Anthu ake ati?"

"Simukuwamva akulira?"

Mwamunayo anayang'ana nkhope ya mkazi wake. Anapinda tepi yake imene inali pazenera, natuluka akung'ung'udza za mafuta amene anthuwo aononga pachabe.

"Iwe," anatero Jaji osayang'ana mlongo wake, "kalowetse chikwama chako, wina apunthwa nacho. Ndipo usaganize kuti ndakuona wanzeru. Ndikadzamva fungo la mowa m'chipinda muno, ndidzakunyamula ndekha kukakutula kugalaja."

"Ndamva, achemwali."

"Khala apa. Gwira bwino, usakafinye."

Injiniya anakhala pa mpando wa bambo awo, kamwanapiye kali m'manja awiri onjenjemera, timiyendo tikulendewera. Jaji anatambasula dzanja kuchitseko cha kabati. Anadumpha towongoka tonse, n'kumatula kakumapeto kenikeni, kopotoka kuposa tonse, kamene sizasi inalekezera pakati ndipo bambo ake anamalizitsa ndi mano. Anakayeza pamwendo wa kamwanapiyeko. Kanakwana.