Ng'ombe Yopanda Inzake

A Elifasi a ku Nsaru ankakonda zithunzi kuposa fodya wa m'munda mwawo. Chimene ankanyadira kwambiri chinali cha ng'ombe yofiira. Wogulitsa wake anachita kuwalumbirira kuti n'chojambula pamanja, chinzake kulibe.

Tsiku lina atapita ku Chitedze, anaipeza ng'ombe yomweyo pakhoma m'nyumba mwa kalaliki wina, ndi kadontho komwe ka kumchira. Anasisita ndi chala, pepala lili myaa, utoto wosamveka.

"Izi n'zodinda pamakina, bambo," anatero kalaliki uja. "Zilipo mbwee."

A Elifasi sanafooke. Anapala thabwa, nalunjika kwa mlamu wawo Sabina, katswiri wokongoletsa makoma ndi dothi lofiira ndi makala.

"Mlamu, ndijambulireni ng'ombe apa."

"Ine ndimadziwa makoma, osati matabwa. Nanga ikatuluka ngati galu?"

"Galuyo adzakhala wanga ndekha, eti?"

Anabwerabwera mpaka Sabina anagonja. Ng'ombeyo inatuluka ndi mwendo umodzi waufupi, mizere ya zala za Sabina ikuoneka m'dothi. A Elifasi anatsitsa chithunzi chawo chodinda chija, napachika thabwalo pamsomali womwewo.