Chithunzi cha Apongozi

Amuna anga, a Cyprian, amadya za cholembera. Sanalembedwe ntchito ndi aliyense, koma chibwerere matipate, pamene nyuzipepala zinamera ngati bowa, iwo amalemba nkhani kuno ku Mchinji n'kukwera nazo minibasi kukagulitsa ku Lilongwe. Lero za mitengo, mawa za magulu a zisudzo, mkuja za kaleredwe ka ana. Pa kaleredwe ka anapo ndimangoseka ine, poti thewera la mwana wathu Ulemu munthuyo sanaligwirepo.

Chimodzi chokha sindingawanyoze nacho ndi mwambo. Chikwatirane chathu, amayi anga sanawayang'anepo kumaso. Amayi akabwera kuchokera ku Mavwere, a Cyprian amazembera kuseri kwa nyumba, moni n'kumapatsana atafulatirana. Ine ndinkanyadira kuti ndinapeza mkamwini wolangidwa.

Tsiku lina anafika ndi nyuzipepala akuyenda mothimbwidzika.

"Amake Ulemu, taonani. Tsamba lonseli ndi langa."

Pakati pa tsambalo panali chithunzi cha mayi atasenza thumba la makala, nkhope ili mbee. Pansi pake analemba kuti: "Anthu osaganizira zamawa ngati awa ndiwo akumeta mpala mapiri a Mchinji."

Ndinayang'anitsitsa nkhopeyo.

"Abambo a Ulemu, mayiwa mukuwadziwa?"

"Ayi, ndinangowajambula ndili chapatali. Bwanji?"

"Ndi apongozi anu."

Anayang'ana chithunzicho, anayang'ana ine, kukamwa kuli yasa. Ndinawalozera mbaula imene panali nyemba zawo. Makala ake anali a m'thumba lomwelo. Amayi ankapita nalo kumsewu kukalikweza matola kuti mdzukulu wawo asazizidwe m'miyezi yachisanu. Ndinakalipa mpaka mawu anasasa, koma manyazi anandigwira inenso, chifukwa makalawo ndinapempha ndine.

Lamlungu tinapita ku Mavwere kukapepesa. Panjira ponse ndinkangopemphera kuti nyuziyo isakhale itafika, popeza amayi sadziwa kuwerenga ndipo kumudzi nyuzipepala imafika itakulunga usipa. Tinapeza anthu akuweruka kutchalitchi, ndipo moni wawo unali waufupi.

Amayi anakhala m'nyumba, chitseko chili chotseka pang'ono. A Cyprian ananjuta pakhonde atafulatira, ine pakati.

"Ndamva kuti bambo a kwanuwo andiika m'nyuzi," anatero amayi, mawu awo ali ofatsa. Anatulutsa dzanja pachitseko n'kundipatsa tsamba lija, lopindidwa bwino. "Ine maso ndili nawo koma sukulu ndilibe. Tawauza andiwerengere zimene alemba pansipo."

Ndinapereka tsambalo kwa a Cyprian. Anatsokomola, kenaka anayamba kuwerenga zimene panalibe.

"Apa palembedwa kuti, amayi olimbika ngati awa ndiwo mizati ya mabanja athu."

Ine ndinangoti zyoli. Kunena zoona mtima unatsika pang'ono, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi kuti bodza limenelo ndinalilandira ndi manja awiri.

Nkhuku inadutsa pabwalo.

"Awerenga bwino," anatero amayi. "Koma aphunzitsi a Timoteyo anandiwerengera zina, panja pa tchalitchi, anzanga a chigwirizano akumva. Zoti ndimaotcha makala si bodza, ndipo mitengo ikuthadi, tonse tikuona. Ine ndimangofuna ndizimve pakamwa pa mwini wake."



Kenaka chitseko chinalira. Amayi anatuluka, anandilambalala, anatsika pakhonde n'kukaima kutsogolo kwenikweni kwa mkamwini wawo. Ndinafuula kuti, "Amayi, n'chiyani chimenecho?" Kwathu mpongozi sachita zimenezo, ndipo amayi a nyumba yoyandikana anasiya kupeta n'kugwira pakamwa.

"Iwe Tamanda, khala chete," anatero osandicheukira. Ndipo kwa nthawi yoyamba anayankhula ndi amuna anga popanda wodutsirapo.

"Bambo, dzutsani mutu. Kuthawana kuja tinkati ndi ulemu, lero tausiya. Ndiyang'aneni bwinobwino, kuti mukadzakumana nane panjira mudzadziwe kuti ndine munthu wanu."

A Cyprian anadzutsa mutu, misozi ili mbwembwembwe. Amayi sanaphethire.